Omvera Nawonso Ndi Oyimba: Zomwe Ndinaona ku Cropredy

Mawu oyamba

M'phunziro la nkhani zamchezo timauzidwa kuti nthano kapena nyimbo yamakolo imataya mbali ina ya moyo wake ikangoikidwa papepala. Ruth Finnegan, m'buku lake la Oral Literature in Africa lomwe linatuluka mu 1970, anatsindika kuti luso lapakamwa limadalira wolichita, omvera, malo ndi nthawi. Mfundoyi ndinailoweza n'kuilemba pamayeso, koma kuimvetsa kwenikweni ndinakaimvetsera kutali ndi kalasi, pachikondwerero cha zoyimba ku England. Chimangirizo chino chikufotokoza mtundu wa nyimbo wotchedwa folk rock, mbiri ya gulu la Fairport Convention, ndi zomwe munthu wokonda nyimbo zawo amaona akapita kukawaonera. Cholinga changa ndi kusonyeza kuti pamalo otere omvera sakhala oonerera chabe ayi, koma amathandiza nawo kupanga nyimboyo.

Kodi folk rock n'chiyani?

Mawu awiriwa akuimira zinthu ziwiri zomwe kale anthu ankaziona ngati sizingayendere limodzi. Folk ndi nyimbo zamakolo, zomwe mwini wake sadziwika ndipo zimafala kudzera pakamwa. Rock ndi nyimbo zaphokoso za magitala amagetsi, besi ndi ng'oma, zomwe zinatenga mitima ya achinyamata kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Pamene Bob Dylan anakwera pansanja ndi gitala yamagetsi pachikondwerero cha Newport ku America mu Julayi 1965, ena mwa omvera anamukuwiza. Iwo ankaona ngati wagulitsa mwambo. Mkanganowo sunathe mpaka lero: kodi nyimbo yamakolo ikavekedwa zida zamakono imafa kapena imatsitsimuka?

Ku England, gulu lomwe linayankha funsoli mwamphamvu ndi Fairport Convention. Linayamba mu 1967 mumzinda wa London, ndipo dzina lake linachokera ku nyumba yotchedwa Fairport, kwawo kwa Simon Nicol, komwe anyamatawa ankakonzekerera nyimbo. Poyamba ankatsanzira oyimba a ku America. Mu Meyi 1969 galimoto yawo inachita ngozi pochokera koyimba, ndipo woyimba ng'oma wawo Martin Lamble, wa zaka 19, anamwalira. Otsalawo anaganiza zoyamba njira ina. Ashley Hutchings anakafufuza nyimbo zakale m'nkhokwe ya zolembedwa ya Cecil Sharp House, Dave Swarbrick anabwera ndi vayolini yake, Sandy Denny n'kumatsogolera ndi mawu. Mu Disembala chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha Liege & Lief. Mu 2006 omvera wailesi ya BBC Radio 2 anachisankha kukhala chimbale cha folk chomwe chinasintha zinthu koposa zina zonse.

Mudzi wa Cropredy

Cropredy ndi mudzi waung'ono wa m'chigawo cha Oxfordshire, kumpoto kwa tawuni ya Banbury, m'mbali mwa mtsinje wa Cherwell. Ena mwa oyimbawa ankakhala m'mudzimu, ndipo ndi momwe gululi linachitira phwando lotsanzikana ndi anthu mu Ogasiti 1979. Chaka chotsatira anakumananso pamalo omwewo, n'kusanduka mwambo wa chaka ndi chaka. Mliri wa Covid-19 unauimitsa mu 2020 ndi 2021, koma unayambiranso mu 2022. Chikondwererochi chimayamba Lachinayi n'kutha Loweruka usiku, ndipo kwa zaka zambiri chinkasonkhanitsa anthu pafupifupi 20,000.

Ine ndinafikako mu Ogasiti 2023, ndili patchuthi kwa azakhali anga omwe amagwira ntchito ya unamwino ku Banbury. Nyimbo za gululi ndinali nditazimvetsera kwa miyezi ingapo pafoni, ndipo ndinkadziyesa wozidziwa. Azakhali anadabwa kuti mwana wa mlongo wawo akufuna kuthera ndalama pa nyimbo za nkhalamba zachizungu, komabe anandikonzera kamba n'kundibwereka jekete yawo yokhuthala.

Bwalolo ndi munda waudzu wotsetsereka, ndipo nsanja ili kumunsi kwake, kotero kuti aliyense amaona bwino. Chinandidabwitsa choyamba chinali msinkhu wa anthu. Ndinkayembekeza achinyamata okhaokha, koma ndinapeza agogo aimvi atakhala pamipando yopinda, ana awo ali pambali, zidzukulu zikuthamangitsana pakati pa zikwama. Ena amagona m'mahema, ena amabwera pamabwato kudzera mumngalande wa Oxford. Bambo wina wachikulire yemwe ndinakhala naye pafupi anandiuza kuti iye ndi anzake amakhala pamalo omwewo chaka chilichonse, ndipo chaka chomwe mmodzi sanabwere onse amadziwa kuti kwagwa zina.

Magawo atatu a usiku wa Loweruka

Magulu ambiri amayimba masiku atatuwo, koma eni phwando amatseka Loweruka usiku, ndipo amayimba pafupifupi maola atatu. Ndikaunika bwino, ntchito ya omvera inaoneka m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi ya thupi. Gululi limayimba nyimbo zambiri zovinira zopanda mawu, zochokera ku magule akale a ku Britain ndi Ireland. Kalelo vayolini imodzi inkakwanira kuvinitsa anthu m'nyumba yamowa kapena m'nkhokwe. Pamene Ric Sanders ndi Chris Leslie anayamba kuthamangitsana ndi mavayolini awo, besi ya Dave Pegg ndi ng'oma zikugunda pansi pake, mipando yopinda ija inatsala yokha. Kugunda kwa besi sindinkakumva ndi makutu okha, koma ndi m'chifuwa momwe, chinthu chomwe foni siingapereke. Apa ndinazindikira kuti zimkuzamawu sizinabwere kudzaphimba guleyo. Zinangochititsa kuti nyimbo yomwe inkavinitsa anthu makumi awiri ivinitse khamu lonse nthawi imodzi.

Njira yachiwiri ndi ya nkhani. Chakumapeto gululi limayimba Matty Groves, nyimbo yofotokoza nthano yomwe inkadziwika kale m'zaka za m'ma 1600. Ili pa nambala 81 mwa nyimbo 305 zomwe Francis James Child anasonkhanitsa ndi kusindikiza pakati pa 1882 ndi 1898. Nkhani yake ndi ya mkazi wa munthu wolemera yemwe anakopa mnyamata wamba mwamuna wake atachokapo. Wantchito anakaulula, mwamunayo anawapezerera, n'kupha mnyamatayo ndi lupanga, kenako n'kuphanso mkazi wake atanena poyera kuti akonda wakufayo. Palibe m'bwalomo yemwe sankadziwa mathero ake, komabe anthu ankayimba nawo ndime ndi ndime, ena akukweza manja pomwe malupanga atchulidwa.

Kwa wophunzira chilankhulo, apa pali zambiri zoti aone. Nyimboyi ili ndi zizindikiro zonse za luso lapakamwa: ndime zazifupi za mizere inayiinayi, mawu obwerezabwereza, mafunso ndi mayankho pakati pa atengambali, ndiponso kulumpha kuchoka pa chochitika china kufika pa china popanda kufotokoza zapakati. Zonsezi zimathandiza woyimba kukumbukira ndi womvera kutsatira. Mayina a atengambali amasiyananso malinga ndi dera lomwe nyimboyo inalembedwera, umboni woti inayenda pakamwa nthawi yaitali isanafike m'buku. Kuvomera kwa khamulo kunandikumbutsa "tilitonse" wa nthano zathu. Wovomera sawonjezera chilichonse pankhani, koma akangokhala chete wokamba nthanoyo amafooka.

Njira yachitatu ndi ya tanthauzo, ndipo ndi yomwe inandigwira mtima. Nyimbo yotsekera imakhala Meet on the Ledge, yomwe Richard Thompson anapeka asanakwanitse zaka 20 ndipo inatuluka mu 1968. Siyamakolo ayi, mwini wake ndi wodziwika. Koma imakamba za abwenzi omwe anasiyana ndi chiyembekezo choti adzakumananso, ndipo chifukwa cha imfa zomwe gululi laona, ya Lamble mu 1969, ya Sandy Denny mu 1978 ndi ya Swarbrick mu 2016, anthu anaisandutsa nyimbo yokumbukira omwe anatisiya. Ambiri amaiyimbitsa pamaliro a abale awo. Nthawi itayandikira pakati pa usiku, alendo omwe anayimba nawo anabwerera pansanja, ndipo m'bwalo anthu anakolekana mikono. Bambo uja anandigwira paphewa ngati mwana wake, misozi ili m'masaya. Pakolasi mawu a khamu anaposa a oyimba. Ine ndinapezeka ndikuganiza za agogo anga aakazi, omwe anamwalira ndi nthano zambiri zomwe sindinazilembe poganiza kuti nthawi ilipo.

Mathero

Pali omwe angatsutse kuti izi si nkhani zamchezo zenizeni, popeza pali matikiti, nsanja yolekanitsa oyimba ndi anthu, ndiponso zimbale zomwe zinakhazikitsa mawu amodzi. Mfundoyi ili ndi mphamvu. N'zoona kuti ambiri amadziwa Matty Groves monga inayimbidwira mu 1969, ndipo mitundu ina ya nyimboyi siimvekanso kawirikawiri. Komabe zomwe ndinaona zikusonyeza zinthu ziwiri. Choyamba, nyimbo yomwe ikanatsalira m'mashelefu a akatswiri ikuyimbidwa pamtima ndi ana a sukulu. Chachiwiri, nyimbo ya mlembi wodziwika yalandidwa ndi anthu n'kupatsidwa ntchito yomwe mwini wake sanaiganizire, monga momwe nyimbo zamakolo zimabadwira.

Choncho funso loyenera kufunsa si lakuti nyimbo ikuyimbidwa ndi chida chanji, koma lakuti alipo oivomera kapena ayi. Nditabwerera kwa azakhali usiku umenewo mawu atasasa, ndinayesa kumveranso nyimbo yotsekerayo pafoni. Zonse zinalimo, magitala, ng'oma ndi mawu omwe, koma inamveka yoperewera, chifukwa ife ovomera sitinalimo.