Ng'oma ya Malonda ndi Buku la Kalaliki: Zida Ziwiri za Amalonda a ku Mulanje

Boma la Mulanje nlotchuka ndi zinthu zitatu: tiyi, zinanazi ndi phiri. Tiyi adayamba kudzalidwa m'bomali m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown adatsegula munda wake ku Thornwood. Zinanazi zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza. Phiri nalo, limene nsonga yake ya Sapitwa njotalika mamita 3,002, lidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mtengo wapatali pa dziko lonse mu Julayi 2025. Zonsezi zimakoka ogula ochokera kutali, ndipo masiku ano wogula wakutali amayamba kaye walankhula ndi wamalonda pa lamya ya m'manja asanaponde pa Chitakale.

Chifukwa cha ichi, mwini nyumba yogona alendo ku Likhubula, wotsogolera anthu okwera phiri, ngakhalenso wogulitsa mbewu ndi feteleza pa Limbuli, onse akulangizidwa kuti apeze pulogalamu ya pakompyuta yowathandiza pa malonda awo. Mapulogalamuwo alipo a mitundu iwiri imene anthu ambiri amaisokoneza, poti yonse imakhudza mauthenga. Mtundu woyamba ndi woyendetsera masamba a mchezo monga Facebook ndi Instagram. Wachiwiri ndi wosamalira mafunso ndi madandaulo a makasitomala. Wamalonda akasankha molakwa pakati pa iwiriyi amataya ndalama, ndipo choposa apo amataya wogula amene adali atafika kale pakhomo.

Ntchito ya ng'oma

Kale mfumu ikafuna kudziwitsa mudzi za msonkhano inkatuma mnyamata kuti aimbe ng'oma kapena akuwe pa chulu. Mawu adali amodzi, akumva adali ambiri. Mapulogalamu oyendetsera masamba a mchezo amagwira ntchito yonga yomweyo. Wodziwika kwambiri ndi Hootsuite, amene Ryan Holmes adayambitsa mu mzinda wa Vancouver ku Canada m'chaka cha 2008. Mu 2010 padatulukira Buffer, woyambitsidwa ndi Joel Gascoigne ku Birmingham, pamodzi ndi Sprout Social wa ku Chicago.

Wokhala ndi chida chotere amakhala pansi tsiku limodzi nkukonza zithunzi ndi mauthenga a sabata yathunthu, kenaka nkuuza pulogalamuyo tsiku ndi ola limene uthenga uliwonse udzatuluke pa masamba ake onse. Wotsogolera alendo amene wachoka ku Likhubula Lolemba, nagona ku Chambe, napitirira ku Chisepo ndi ku Sapitwa, angathe kutha masiku atatu kumalo kumene lamya imagwira mwa apo ndi apo. Koma tsamba lake limalankhulabe ngati kuti mwini wake ali kuofesi. Pomaliza chidacho chimawerengera anthu amene aona chithunzi chilichonse, amene achikonda ndi amene alembapo ndemanga, kotero kuti wamalonda amadziwa ngati chimene chimakopa anthu ndi mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba kapena minda ya tiyi dzuwa likamatuluka.

Ntchito ya kalaliki

Aliyense amene adathyolapo tiyi amamdziwa kalaliki wa pa sikelo. Iye sakuwa ayi. Amalemba dzina la munthu, tsiku, ndi makilogalamu amene wabwera nawo, ndipo mkangano ukabuka pa kutha kwa mwezi, buku lake ndilo limaweruza. Mapulogalamu osamalira makasitomala ndi buku la mtundu umenewu. Zendesk adayamba ku Copenhagen m'dziko la Denmark mu 2007, ndipo Freshdesk adayambitsidwa ndi Girish Mathrubootham ku Chennai m'dziko la India mu 2010.

Maziko a mapulogalamuwa ndi chimene amachitcha tikiti. Funso kapena dandaulo lililonse likafika, kaya ladzera pa lamya, pa kalata ya pa intaneti kapena pa WhatsApp, limapatsidwa nambala yake. Pa tikitiyo pamalembedwa dzina la wodandaula, nthawi imene nkhaniyo yafika, wantchito amene wapatsidwa udindo woiyankha, ndiponso ngati nkhaniyo ikadali yotsegula, ikudikira yankho, kapena yatha. Nthawi imene adapangana ikadutsa popanda yankho, pulogalamuyo imadziwitsa mkulu wa ntchito. Munthu yemweyo akabweranso patapita chaka, mbiri yake yonse imapezeka malo amodzi.

Nzeru imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Chipatala cha pa Foni, chimene bungwe la VillageReach lidayambitsa ku Balaka mu 2011 ndipo pambuyo pake chidaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, chidamangidwa pa mfundo yomweyo. Mayi woyembekezera ankaimba lamya yaulere, woyankha nkulemba nkhani yake mu kompyuta, ndipo kuchokera pamenepo mayiyo ankatha kulandira mauthenga omukumbutsa zinthu zogwirizana ndi msinkhu wa pakati pake.

Pamene njira ziwirizi zimasiyanirana

Kusiyana kwenikweni kumaoneka ndalama zikalowapo. Tinene kuti mlendo wa ku Lilongwe waona pa Facebook chithunzi chokongola cha nyumba ina yogona alendo, ndipo akufuna chipinda pa nthawi ya mpikisano wothamanga wa Porters Race. Watumiza theka la ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kenaka walemba pansi pa chithunzi chija kufunsa ngati ndalamazo zafika. Posayankhidwa, walembanso pa WhatsApp. Mawa lake waimba lamya, ndipo wayankha ndi wantchito wina amene sakudziwa kanthu za nkhaniyo.

Kwa chida choyendetsera masamba, funso la mlendoyu ndi ndemanga imodzi pakati pa ndemanga zambiri, ndipo limawonjezera chiwerengero chosonyeza kuti chithunzicho chayenda bwino. Kwa chida chosamalira makasitomala, funso lomwelo ndi ngongole imene sidabwezedwe, ndipo mauthenga atatu aja amamangidwa mtolo umodzi pansi pa dzina limodzi mpaka wina atayankha. Choncho nkotheka kuti malipoti a tsamba azikondweretsa mwini malonda mwezi ndi mwezi, pamene ogula akuchoka mmodzimmodzi mwakachetechete. Akulu adanena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Namondwe Freddy, amene adasakaza Mulanje ndi maboma ena a m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, adaonetsa poyera malire a chida chilichonse. Misewu itaduka ndi milatho itakokoloka, wamalonda aliyense woyembekeza alendo kapena katundu adafunika kulengeza msanga kwa anthu onse kuti asanyamuke. Imeneyo ndi ntchito ya ng'oma. Koma madzi ataphwa padatsala nkhani za munthu mmodzimmodzi: uyu akufuna ndalama zake zibwezedwe, uyo akufuna tsiku lisinthidwe, winayo katundu wake adaonongekera m'njira. Nkhani zotere zimatha masabata ambiri, ndipo wopanda buku amaiwala amene adamulonjeza kanthu.

Chida chiti nchoyenera yani?

Funso loyamba limene wamalonda ayenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi ogula ake ndi atsopano tsiku ndi tsiku, kapena ndi omwewo chaka chonse? Wogulitsa zinanazi kapena uchi kwa apaulendo, wojambula zithunzi za maukwati, ndi wotsogolera alendo amene wangoyamba kumene ntchito, vuto lawo lalikulu nlakuti anthu sawadziwa. Malonda awo amatha pa tsiku limodzi, ndipo madandaulo amakhala owerengeka. Amenewa ng'oma ndiyo ingawapindulire msanga.

Zinthu nzosiyana kwa amene ali pa ubale wautali ndi makasitomala. Bungwe la Mulanje Electricity Generation Agency limapanga magetsi ndi madzi a mtsinje wa Lichenya kwa Bondo nkumawagulitsa kwa anthu a m'midzi yozungulira. Bungwe la Sukambizi limasonkhanitsa alimi ang'onoang'ono a tiyi zikwi zingapo. Ntchito za mtundu umenewu, pamodzi ndi sukulu zolipira, magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ndi masitolo opereka katundu pa ngongole, sizisowa kudziwika, pakuti anthu ake amazidziwa kale. Mafunso amene zimalandira ndi a mita imene yasiya kugwira ntchito, malipiro amene sadafike, kapena lisiti limene lasokonekera. Pamenepa chithunzi chokongola sichithandiza kanthu. Chofunika ndi nambala ya nkhani, dzina la woiyankha ndi tsiku limene idzathe.

Nyumba zogona alendo zili pakatikati, poti zimafunika kuitana alendo atsopano komanso kusunga malonjezo. Ngakhale zili choncho, kugula zida zonse ziwiri nthawi imodzi popanda munthu woziyang'anira nkungodzisenzetsa katundu. Mapanga awiri avumbwitsa.

Za mtengo wake

Pafupifupi mapulogalamu onse otchulidwawa amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndiponso mu ndalama zakunja. Osamalira makasitomala kawirikawiri amawerengera mtengo pa wantchito aliyense woyankha, pamene Buffer amawerengera pa tsamba lililonse lolumikizidwa. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Wamalonda amene ankalipira pulogalamu ya madola adadzuka m'mawa mtengo utakwera, ngakhale kuti wogulitsa pulogalamuyo sadasinthe kalikonse. M'chaka chomwecho Hootsuite adathetsa gawo lake laulere, limene amalonda ang'onoang'ono ambiri ankadalira.

Mwayi ulipo ndi wakuti zida zina sizilipiritsa. Meta Business Suite, imene idatuluka mu 2020 ikudziwika ndi dzina la Facebook Business Suite, imalola munthu kukonzeratu mauthenga a pa Facebook ndi Instagram popanda kupereka tambala. WhatsApp Business, imene idatuluka mu Januwale 2018, ili ndi ndandanda ya katundu ndi mitengo, mayankho okonzeratu, uthenga wodziwitsa kuti mwini wake wachokapo, ndiponso zizindikiro za mitundumitundu zoika pa dzina la wogula, monga chosonyeza kuti walipira kapena akudikira katundu. Kwa wamalonda wa antchito awiri kapena atatu, zizindikirozi ndi buku laling'ono la kalaliki.

Komabe zaulere zili ndi msampha wake. Ngati nambala ya malonda ili m'dzina la wantchito, tsiku limene iye adzasiye ntchito adzapita ndi makasitomala onse m'thumba. Masamba a mchezo nawonso ali ngati munda wobwereka: pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi 6. Magetsi nawo sangadaliridwe nthawi zonse, monga zidaonekera namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chifukwa chake buku lenileni la chikuto cholimba, lokhala ndi mizere ya tsiku, dzina, nkhani, woyankha ndi mathero ake, likadali chida chanzeru pambali pa lamya.

Chilankhulo ndi lamulo

Pa msika wa Limbuli ndi pa chipata cha Muloza pamamveka Chichewa, Chilomwe ndi Chipwitikizi cha amalonda ochokera ku Milange. Ogula ambiri amakonda kutumiza uthenga wa mawu kusiyana ndi kulemba. Mayankho odzichitikira okha a m'mapulogalamu akunja adakonzedwa makamaka m'Chingerezi, ndipo sadziwa kuti munthu wamkulu amayamba wapatsidwa moni asanauzidwe nambala ya tikiti. Choncho mayankho okonzeratu ayenera kulembedwa ndi mwini malonda m'chilankhulo cha ogula ake, ndipo pakhale munthu womvetsera mauthenga a mawu nkulemba mwachidule zimene zanenedwa.

Lamulo nalo lalowapo. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndipo mu 2024 lidayamba kugwiritsa ntchito lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, limene woliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Wamalonda amene amauza wodandaula kuti alembe nambala yake ya lamya kapena aike chithunzi cha lisiti pansi pa ndemanga, pamaso pa anthu onse, amamuika pa ngozi ya akuba a pa lamya. Njira yabwino ndi kuvomera poyera kuti dandaulo lamveka, kenaka kupita nalo kumbali kumene lingalembedwe ndi kutsatiridwa.

Eni mapulogalamu adaona okha kuti dandaulo limene layambira pa tsamba liyenera kukathera m'buku. Mu 2019 Zendesk adagula kampani ya Smooch ya ku Montreal kuti azitha kulandira mauthenga a WhatsApp ndi ena otero, ndipo mu 2021 Hootsuite adagula Sparkcentral, kampani yosamalira makasitomala. Ngakhale tsopano zidazi zikufanana maonekedwe, chilichonse chikadali champhamvu pa ntchito imene chidabadwira.

Tsono asanatulutse ndalama, wamalonda wa ku Mulanje angachite bwino kudzipatsa mwezi umodzi wowerengera. Alembe funso lililonse limene lafika, njira imene ladzera, maola amene apita lisanayankhidwe, ndi mmene lathera. Mwezi ukatha buku nkupezeka lopanda kanthu, ndiye kuti anthu sakumudziwa, ndipo aimbe ng'oma. Koma likapezeka lodzaza ndi maina a anthu amene adadikira masiku awiri kapena atatu, kuitana ena nkungochulukitsa okwiya. Ayambe wapeza kalaliki, kaya wa pepala kaya wa mu kompyuta, ndipo amupatse udindo wotseka nkhani iliyonse dzuwa lisanalowe.