Nsabwe ya Mumlengalenga: Ndege Imene Anthu Ankakhoma Pakhomo

Kodi munthu wodziwa kupala thabwa ndi kukhoma bokosi angathe kupanganso ndege? Henri Mignet, katswiri wa za wailesi wa ku France amene anabadwa mu 1893, ankakhulupirira kuti angathe. Mbiri ya ndege yake ikuonetsa nzeru zakuya, komanso mtengo wowawa umene anthu amalipira chipangizo chikafalitsidwa chisanayesedwe mokwanira.

Mignet ankalakalaka kuuluka, koma ndege za masiku amenewo zinali zodula ndiponso zovuta kuwongolera. Choncho anayamba kujambula ndi kukhoma zakezake. Atayesa kambirimbiri, pa 10 Seputembala 1933 anauluka pafupi ndi tawuni ya Soissons pa ndege ya munthu mmodzi yotchedwa HM.14. Dzina lake lotchuka linali Pou-du-Ciel, kutanthauza nsabwe ya mumlengalenga.

Wopanga ndege aliyense amalimbana ndi zinthu zitatu: kulemera, mphamvu ya injini ndi kawongoleredwe. Pa kulemera, Mignet anasankha matabwa opepuka, pulayiwudi, guluu ndi nsalu yokutira mapiko. Ndege yake yopanda munthu inkalemera pafupifupi makilogalamu 100, ngati matumba awiri a chimanga. Chifukwa cha kupepukako, injini ya njinga yamoto ya mahosipawa 17 inali yokwanira kupukusa pulopela ndi kuinyamula.

Luso lake lalikulu linali pa kawongoleredwe. Ndege wamba imafuna kuti manja ndi mapazi zigwire ntchito pamodzi, koma iye anasiya ndodo imodzi yokha. Anaika mapiko awiri motsogozana: lalikulu patsogolo ndi pamwamba, lalifupi m'munsi kumbuyo kwa woyendetsa. Ndodo ikakokedwa kapena kukankhidwa, phiko lonse lakutsogolo linkapendeka, ndege n'kukwera kapena kutsika. Ikapititsidwa kumanja kapena kumanzere, chiwongolero chakumchira chinkatembenuza ndege.

Mu 1934 anatulutsa buku lotchedwa Le Sport de l'Air, momwe munali miyeso ndi malangizo onse. Mu Ogasiti 1935 anawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England pa kandege kake. Bukulo litamasuliridwa m'Chingerezi, anthu mazanamazana m'mayiko awiriwa anayamba kukhoma ndege m'magalaja ndi kuseri kwa nyumba zawo.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Kuyambira mu 1935 mpaka mu 1936, ndege zingapo zinagwa chamutu ku Algeria, France ndi Britain, ndipo oyendetsa ake anafa. Poyamba ambiri ankaloza chala oyendetsawo, poti ochuluka anali ongophunzira kumene. Koma ena mwa omwalirawo anali odziwa bwino kuyendetsa ndege.

Mu 1936 akatswiri a ku Farnborough ku Britain ndi a ku Chalais-Meudon ku France anaika ndege yathunthu m'nyumba yapadera momwe makina amauzira mphepo yamphamvu ngati ya m'mlengalenga. Apo m'pamene chilema chinaonekera. Ndege ikaweramira pansi kwambiri pa liwiro lalikulu, woyendetsa ankakoka ndodo kuti aidzutse. Kukokako kunkatsitsa mbali yakumbuyo ya phiko lakutsogolo, mpata wa pakati pa mapiko awiri n'kuchepa. Mphepo yopanikizika pampatapo inkathamanga kwambiri pamwamba pa phiko lakumbuyo, ndipo linkanyamula mchira m'mwamba. Motero pamene munthu ankalimbikira kudzipulumutsa, m'pamene mphuno ya ndege inkalozera pansi kwambiri.

Nanga bwanji mwini wake sanakumane nalo tsokali? Iye ankauluka modekha ndi injini yaing'ono. Omutsatira ambiri anaika mainjini amphamvu ndi olemera, ena anasintha miyeso, ndipo ndege zawo zinafika pa liwiro limene iye sankafikapo kawirikawiri. Maboma a France ndi Britain analetsa ndege zosakonzedwa za mtunduwu kuuluka.

Mignet sanatsutse zimene akatswiri anapeza. Anatalikitsa mapiko kuti asamapanikizane, anasintha kapindikidwe kake, ndipo chingwe chokokera phiko chinalowedwa m'malo ndi chitsulo cholimba. Ndege zimene anajambula pambuyo pake, monga HM.293, zinakhomedwa ndi anthu ambiri itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo zinauluka popanda chilema chija. Iye anamwalira mu 1965.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chipangizo chikagwira ntchito m'manja mwa mwini wake, ntchito imakhala itangofika pakati. Otengera adzachisenzetsa katundu wochuluka, adzasintha zida malinga ndi zimene ali nazo, ndipo adzachifikitsa pamene wochipanga sanaganizirepo. Nthawi yoyesa zonsezi ndi pamene miyeso isanasindikizidwe. Mayeso a ku Farnborough akadachitika mu 1934, buku lisanafike m'manja mwa anthu, mabanja angapo sakadalira maliro.