Antchito a m'misasa ya alendo m'mbali mwa nyanja

Lachisanu dzuwa likapendeka, pamsewu wa M14 wochoka ku Lilongwe kutsikira ku Salima pamadutsa magalimoto amene katundu wake amaulula kumene akupita. Ena ali ndi tenti yopinda padenga, ena akukoka kalavani, ena anyamula kafiriji, mipando ndi mbaula ya gasi. Ambiri mwa eni ake ndi anthu a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ogwira ntchito m'maofesi a akazembe, m'mabungwe ndi m'mabanki a ku City Centre, ndipo akayenda makilomita pafupifupi 120 amakhala afika ku Senga Bay. Palinso alendo ochokera kutali, a ku South Africa kapena ku Germany, amene anasandutsa galimoto kukhala nyumba, komanso malole akuluakulu onyamula alendo pa ulendo wa pakati pa Nairobi ndi Cape Town. Amenewa amalowera pa Songwe kapena pa Mchinji, ndipo kawirikawiri amagona ku Old Town ku Lilongwe, pamalo ngati Mabuya Camp, kuti agule zakudya ndi kukonzetsa galimoto. Kunyanja amaima ku Steps Campsite ku Senga Bay, ku Chembe ku Cape Maclear, ku Kande Beach kapena ku Chitimba.

Munthu wotereyu wabwera ndi pogona pake, zofunda zake ndi pophikira pake. Nanga akafika pamsasa amalipirira chiyani? Nyanja sinamangidwe ndi munthu, mchenga ulipo kuyambira kale, ndipo mthunzi wa mitengo ya mango ukupezekanso m'mudzi wapafupi. Chimene mlendo amagula ndi tulo tosadzidzimuka, chimbudzi choyera, madzi otentha m'bafa, magetsi a firiji yake ndi malo osesedwa bwino. Zonsezi ndi ntchito ya manja a anthu. Ku hotela mlendo akhoza kunena kuti walipirira nyumba, matiresi ndi makatani, koma pamsasa kusiyana kwa malo apamwamba ndi malo wamba kumachokera kwa antchito pafupifupi kwathunthu. N'chifukwa chake ndikuona kuti n'kulakwa kuwerengera anthu amenewa ngati aganyu opanda luso, monga momwe timachitira nthawi zambiri.

Tiyambe ndi mlonda. Chipinda cha hotela chili ndi khoma ndi loko, pamene tenti ndi nsalu chabe, ndipo zinthu za mlendo, mipando, mapoto, nsapato, njinga, zimagona panja. Msasa wa kunyanja sungatchingidwe mbali zonse, chifukwa mbali imodzi ndi madzi, ndipo gombe ndi njira ya asodzi, ya amayi okachapa ndi ya ana. Mlonda wabwino amadziwa nkhope za anthu a m'mudzimo, amasiyanitsa nyali ya bwato lobwera kokapha usipa ndi nyali ya munthu amene akuzembera, amadziwa nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya msipu ndiponso malo amene ng'ona zinaonekapo. Mwera ukayamba kuomba m'miyezi yozizira, iye ndi amene amadzutsa mlendo amene wakhoma tenti pafupi kwambiri ndi madzi. Nzeru imeneyi saiphunzira kusukulu, koma ndi nzeru ndithu, ndipo munthu wochokera kwina sangaipeze m'sabata imodzi. Ntchitoyi ili ndi kulemera kwina kumene sikutchulidwa. Mlonda nthawi zambiri ndi mwana wa m'mudzi womwewo, ndipo anthu amene amawauza kuti asayanike maukonde kutsogolo kwa msasa ndi amalume ake, alamu ake kapena anzake a kumpingo. M'mawa akaweruka amabwerera kukakhala nawo. Mtendere wa pakati pa msasa ndi mudzi umadalira kwambiri mmene munthu ameneyu amayankhulira, ndipo mwini msasa amene amasinthasintha alonda chaka ndi chaka amataya chinthu chimene sangachigule pamsika.

Pambuyo pa mlonda pamabwera wosamala madzi ndi zimbudzi. Alendo oyenda pagalimoto amauzana pa intaneti za malo amene agona, ndipo nkhani imene sailumpha ndi ya bafa: ngati linali loyera, ngati madzi amatuluka, ngati anali otentha. Kumbuyo kwa mawu ochepawo kuli munthu amene amadzuka kusanache kukoleza moto pansi pa mgolo wotenthetsera madzi, kapena kuona ngati sola yagwira ntchito, amene amayatsa pampu yokoka madzi kupita m'thanki, amene amadziwa phokoso la jenereta ikafuna kuvuta. Mphepo yamkuntho ya Ana itaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kuzima kwa magetsi kunakula m'dziko lonse, ndipo misasa inadalira anthu otere kuti mafiriji asazime. Kolera itabuka m'chaka chomwecho n'kupitirira mpaka 2023, maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Pa nthawi ngati imeneyo mayi amene amakolopa chimbudzi, kuthira klorini ndi kuonetsetsa kuti zonyansa sizikusefukira kunyanja amakhala akugwira ntchito ya zaumoyo, yoteteza alendo ndi mudzi womwe. Komabe pa mndandanda wa malipiro dzina lake limakhala pansi penipeni.

Ena onse tingawatchule mwachangu: wosesa mchenga m'mawa uliwonse, amayi ochapa zovala za alendo, wophika amene amawamba chambo kapena kampango, wogulitsa pa bala, ndi wolandira alendo amene amafunika Chingerezi, masamu ndi mtima woleza. Kunja kwa mpanda kuli gulu lalikulu kuposa la m'kati. Kuli eni maboti amene amatenga alendo ku Thumbi kukaona mbuna ndi kuponyera nkhwazi nsomba, m'dera la Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaizindikira mu 1984. Kuli asodzi, ogulitsa tomato ndi nkhuni, ndi osema ziboliboli, mipando ndi bawo. Unyolowu umafika mpaka ku Lilongwe, kwa amakaniko a ku Biwi ndi ogulitsa zipangizo za galimoto ku Malangalanga, amene amakonza masipuling'i othyoka ndi kuwotcherera zitsulo za malole aja, ndiponso kwa osema amene amayala katundu pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town.

Vuto lagona pa kalembedwe ka ntchito. Alendo amachuluka m'nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu May mpaka October, komanso pa Khirisimasi ndi Isitala. Mvula ikayamba misasa yambiri imachepetsa anthu, ndipo amene atsala amamva mawu odziwika aja akuti "tidzakuitanani." Munthu akhoza kugwira pamsasa umodzi zaka zambiri koma chaka chilichonse n'kumayamba ngati watsopano, wopanda kalata ya ntchito, wopanda penshoni. Malamulo alipo. Lamulo la za ntchito la 2000 limati wantchito apatsidwe kalata yofotokoza ntchito yake ndi malipiro ake, limaika maola 48 pa sabata, ndipo limati maola owonjezera alipiridwe pamwamba. Limanenanso kuti kontrakiti ya nthawi yochepa imene ikugwiritsidwa ntchito kudzaza malo a ntchito yokhazikika iwerengedwe ngati yokhazikika. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Malipiro otsikitsitsa anali K50,000 pamwezi kuyambira 2021, anakwera kufika K90,000 mu February 2024 ndi K126,000 mu 2025. Koma pakati apa kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Misasa yambiri yapamwamba imatchula mitengo yake m'madola, choncho ndalama yolowa imatsata dola pamene malipiro amatsata kwacha. K126,000 ija pa mtengo wa kubanki wa mu 2025 inali yosafika madola 75, ndalama imene banja limodzi la alendo likhoza kuthera pamsasa m'masiku ochepa.

Eni misasa ali ndi yankho, ndipo n'lofunika kulimvetsera mwaulemu. Amati bizinesi yawo ndi ya miyezi yowerengeka, phindu ndi lochepa, ndipo zaka zapitazi zakhala zowawa. Akunena zoona. Mu 2020 matenda a COVID-19 anaimitsa maulendo, ndipo malole a alendo anasowa pamsewu. Mafuta a galimoto akhala akusowa mobwerezabwereza, ndipo munthu wa ku Area 47 sangapite kunyanja ngati sakudziwa kumene adzathire pobwerera. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi nyumba za alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay, ndipo msasa umene gombe lake lamira ulibe chogulitsa. Palibe amene angauze mwini msasa kuti alipire anthu makumi awiri mu February pamene pabwalo palibe tenti ndi imodzi yomwe. Koma mfundo imeneyi ikutsimikizira kuti ntchito ndi ya nyengo, sikutsimikizira kuti iyenera kukhala yosalembedwa. Kontrakiti ya nyengo ndi yotheka: miyezi yakutiyakuti, malipiro akutiakuti, penshoni ya miyezi imeneyo, ndi lonjezo lolembedwa lakuti wakale ndi amene adzayambe kuitanidwa. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri. Zimangochotsa mantha amene amachititsa wantchito kukhala chete akadwala kapena akavulala. Ndiponso mavuto onse atchulidwawa amamugwera wantchito koyamba. Nyanja ikakwera iye ndi amene amanyamula matumba a mchenga, ndipo alendo akasowa iye ndi amene amayamba kubwerera kunyumba.

Ena amati kangachepe kamene alendo amasiya kamakwaniritsa zimene malipiro alephera. Kangachepe kamapita kwa amene mlendo wamuona ndi kucheza naye, wa pa bala ndi wa pa boti. Mlonda wa usiku ndi wokoleza moto wa m'bafa amagwira ntchito mlendo ali m'tulo. Misasa ina imaika bokosi limodzi la onse n'kugawana kumapeto kwa mwezi, ndipo imeneyo ndi njira yabwino, koma munthu sangakonze za fizi ya mwana kapena feteleza podalira mtima wa mlendo.

Chitsutso chachikulu chimamveka m'maofesi a ku City Centre, kumene mfundo za zokopa alendo zimakonzedwa. Chimati alendo ogona m'matenti ndi m'magalimoto amasiya ndalama zochepa, choncho dziko liike mtima pa mahotela akuluakulu ndi misonkhano ya ku BICC. N'zoona kuti usiku umodzi pamsasa ndi wotchipa kuposa usiku umodzi ku Sunbird Capital. Koma mlendo wa pagalimoto amakhala m'dziko nthawi yaitali, amafika kumene mlendo wa pandege safika, ndipo ndalama yake imagawika m'manja ambiri: wogulitsa nsomba, wochapa, makaniko, mwini boti. Kumanga msasa kumafuna mpamba wochepa poyerekeza ndi hotela, choncho ndi khomo limene Mmalawi wa ku Nkhotakota kapena ku Chintheche angathe kulowera ngati mwini wake. Boma litachotsa viza kwa anthu a m'maiko 79 mu February 2024, cholinga chinali chakuti alendo achuluke, ndipo masomphenya a Malawi 2063 amatchula zokopa alendo ngati gwero la chuma. Alendo akachuluka koma wowalandira n'kukhalabe waganyu, phindu la kuchulukako limathera kwa eni malo ndi ku msonkho.

Njira zina zili kale m'manja mwa maofesi omwewa. Malo ogona alendo amayenera kukhala ndi chiphaso cha boma, ndipo alendo amalipira msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti. Oyendera malo amaona zimbudzi, khitchini ndi zozimitsira moto. Palibe chowaletsa kuonanso makalata a antchito asanapereke chiphaso. Malawi Institute of Tourism imaphunzitsa ophika ndi olandira alendo a m'mahotela, koma mnyamata wa ku Chembe amene wayendetsa boti zaka khumi, kapena mayi amene wasamala mabafa a msasa kuyambira ali mtsikana, alibe pepala lililonse losonyeza zimene amadziwa. TEVETA ili ndi njira yoyesera anthu luso limene analiphunzira pantchito n'kuwapatsa satifiketi. Njira imeneyi itafika kunyanja m'miyezi ya mvula, pamene antchito ali ndi mpata, n'kuonjezerapo maphunziro a chithandizo choyamba, kupulumutsa munthu m'madzi ndi kusamala sola ndi mapampu, wantchito angakhale ndi chonyamula pochoka pamsasa wina kupita pa wina, ndipo angakhale ndi poyambira pokambirana malipiro. Bungwe la antchito a m'mahotela, limene lili pansi pa Malawi Congress of Trade Unions, nalonso liyenera kutsika msewu wa M14 ndi M5, chifukwa ofesi ya zantchito ya paboma ili kutali ndi munthu wa ku Kande amene thiransipoti yokha ingamudyere malipiro a masiku angapo.

Mbali ina ili kwa alendo a ku Lilongwe eniake, pakuti iwo amabwerera kumisasa yomweyo mwezi ndi mwezi ndipo eni malo amawamvera. Ambiri a iwo amagwira ntchito m'maofesi amene amalemba malipoti a umphawi ndi ufulu wa antchito. Posankha kumene akagone Lachisanu, akhoza kufunsa mwini msasa ngati alonda ali ndi makalata a ntchito ndiponso ngati kangachepe kamafika kwa ogwira usiku, monga momwe amafunsira kale za madzi otentha ndi magetsi.