Amalume Amene Ankati Kumwamba Anafikako Kale

Mukapatuka pa Kapoka, kusiya msewu wa phula wochokera ku Karonga kupita ku Chitipa boma, n'kuyamba kukwera mapiri a Misuku, funsani za mkulu uja ankati kumwamba anafikako kale. Ngakhale mwana akulozerani kwa amalume anga. Kale nyumba yawo sinkasowa: denga lopendekera mbali imodzi, kuseri kwake munda wa khofi umene anyani okha ndiwo ankaudziwa malire.

Ku Misuku, m'mawa wa mwezi wa June, mitambo imagona m'zigwa, anthu n'kumaiyang'ana pansi. Amalume akakhuta mowa wa chipumu ankaima pachitunda, chikho kumanja, n'kuloza cha ku nkhalango ya Mughese. "Mitambo si iyo pansipo? Nanga ife tili kuti? Kumwamba kwinanso n'kuti kumene mukundiitanira?" Ankayamba m'Chisukwa, mkangano ukakoma n'kuthiramo Chindali, Chitumbuka ndi Chiswahili chotola kutsidya kwa Songwe, poti munthu wa ku Chitipa sagonja pamkangano chifukwa chosowa chilankhulo. Akulu a mpingo akalimbikira, ankawatseka pakamwa ndi mwambi woti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Sikuti anali osadziwa tchalitchi. Anabatizidwa ali khanda mu CCAP ya Sinodi ya Livingstonia, mpingo wochokera ku mishoni ya 1875 ija, imene Robert Laws anakaikhazika pa Khondowe mu 1894. Seshoni itawadula chifukwa cha mowa, iwo anathokoza kuti yawamasulira tsiku la Mulungu. Akazi awo, azakhali anga, mayi wa Umanyano wosaphonya msonkhano, ankachapa bulauzi yoyera ndi duku n'kumapita okha, pobwerera n'kuwapeza abambowo akulalikira nkhuku.

Khofi wa Arabica wa ku Misuku ndi wodziwika mpaka kunja kwa dziko, ndipo alimi amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee. Nyengo yothyola ikafika, anzawo ankatsika ndi ndowa zodzaza zipatso zofiira kupita kokapalitsa. Wa amalume ankakhala atamwedwa kale akadali wobiriwira mumtengo, wolembedwa m'kope la mayi wina wofulula mowa. Chaka china anagulitsa mbuzi imodzi kwa anthu awiri tsiku limodzi, wina m'mawa wina madzulo. Mbuziyo inali ya azakhali.

Zinatembenukira pamaliro. Mnzawo wapachikho, amene ankagawana naye chipanda chimodzi kuyambira paunyamata, anamwalira nthawi ya dzinja. Amalume anakumba nawo manda, ndipo mwambo utayamba anangoima chapatali, matope mpaka m'mawondo, atatsamira khasu. Wolalikira anali mkulu wa mpingo, nayenso mlimi wa khofi, munthu wa mawu otsika amene amalume ankamuseka kuti amalalikira ngati akupepesa. Anawerenga Chivumbulutso mutu 21, pamene pamakamba za mzinda umene imfa ndi kulira zidzatheratu. Atatseka buku anati: "Inu alimi anzanga, mbande ya khofi mumadzala lero, zaka zitatu osathyola kanthu, koma mumapalira. Ndani wa inu anayamba wanenapo kuti khofi ndi bodza?" Kenaka anatembenuka pang'ono, osatchula dzina la munthu. "Ndamva ena akuti kuno kumapiri ndiye kumwamba. Chabwino. Koma dzenje ili takumba pamwamba pa phiri lomweli. Kumwamba kwake kotani kokhala ndi manda?"

Anthu ena anabisa nkhope m'zitenje, pakuti kuseka pamaliro n'kosayenera. Mkuluyo anapitiriza kunena kuti kumwambako sakwerako ndi miyendo, ndiponso sagula ndi makilogalamu a khofi. Yesu analipira kale pamtanda, chatsala n'choti munthu alape, akhulupirire, abwere. Amalume sanayankhe. Munthu amene anali asanasowepo yankho chibadwire anangofotsera manda, n'kutsuka khasu, ulendo kunyumba ali chete. Madzulo ake azakhali anawagwira pamphumi kuti aone ngati thupi latentha.

Lamulungu lotsatira anatulukira m'tchalitchi atavala jekete ya paukwati wawo, yonunkha m'bokosi, manja ake olekeza m'zigongono. Azakhali, amene anali kutsogolo akutsogolera nyimbo, atawaona anasokoneza ndime, amayi onse n'kusokonezeka nawo. Ena ankanong'onezana kuti mwina abwera kudzatenga makiyi a nyumba. Itafika nthawi ya zolengeza, amalume anaimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja. "Abale, ndine uja. Ndabwera." Nthungululu zake! Gogo wina anavina mpaka ndodo inamugwa.

Akulu a mpingo sanathamange nazo, ndipo ine ndimati anachita bwino. Anawaika m'kalasi kwa miyezi ingapo, mkulu wa imvi pabenchi limodzi ndi anyamata a sukulu, akuloweza katekisimu ndi kukangana ndi mphunzitsi pa funso lililonse. Ludzu silinachoke tsiku limodzi. Masiku amene linkawavuta ankatenga sowo n'kulowa m'munda, kudula mitengo yokalamba ya khofi kusiya zitsa kuti iphukenso. Moti munda wonse unadulidwa m'nyengo imodzi, ndipo mungathe kuwerenga mayesero awo powerenga zitsazo.

Pitani lero mukaone. Denga ndi la malata, khofi ali m'mizere pansi pa mthunzi wa nthochi, ndipo ndowa zawo zimafika kokapalitsa limodzi ndi za anzawo. Sindikunena kuti chikhulupiriro chimagula malata. Matenda a masamba amagwira khofi wa Mkhristu ndi wa chidakwa chimodzimodzi, kungoti ndalama zinaleka kudontha. Amalume tsopano ndi a Madodana, gulu la abambo a mumpingo, amaimba mokweza kuposa aliyense ndiponso mophonya kuposa aliyense, ndipo palibe amene ali ndi mtima wowaletsa. Nkhani ya kumwamba akaiyamba, tiyi amazizira. Ali ndi mndandanda wa anthu oti akawaone akakafika, woyamba mayi awo, wachiwiri Zakeyu, amene akuti akufuna kukamufunsa mmene anakwanitsira kubweza kanayi.

Funsolo lili ndi chifukwa chake. Atangobwezeretsedwa pa mgonero, anayenda khomo ndi khomo kubweza ngongole. Mayi wa mowa uja analandira zake zonse, n'kudandaula kuti mpingo wamulanda kasitomala wamkulu popanda chipepeso. Ogula mbuzi awiri aja analandira aliyense yake. Pomaliza amalume anakoka mbuzi yachitatu, yonenepa bwino, n'kukaimangirira pakhomo la khitchini.

"Mayi, landirani mbuzi yanu ija."

Azakhali anaizungulira, n'kuiyang'ana mano. "Zikomo, bambo, Mulungu akudalitseni. Koma yanga ija inali yaikazi, ndipo inkabereka mapasa. Takhalani pansi tiwerengere zaka."

Pofika pano abweza zisanu ndi imodzi, ndipo azakhali akuti akadali pa ana, adzukulu a mbuziyo sanayambe kuwawerenga.