Ndalama zikatsala, mudzi wonse ukhale pansi: phunziro la ku Ubungo

Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimapasula magulu a chitukuko ndi kusowa kwa ndalama. Koma alangizi amene agwira ntchito ndi makomiti kwa nthawi yaitali amadziwa kuti mikangano yaikulu imabuka ndalama zikatsala. Bilu ya madzi ikalipidwa, alonda ndi otola zinyalala akalandira zawo, m'thumba n'kutsala kangachepe, maso onse amatembenukira kwa msungichuma.

Nkhaniyi si yachilendo ku Ubungo, limodzi mwa maboma a mzinda wa Dar es Salaam m'dziko la Tanzania. Kalembera wa mu 2022 adapeza kuti m'bomali muli anthu opitirira 1 miliyoni. Ambiri mwa iwo amakhala m'madera monga Manzese ndi Mabibo, kumene nyumba zidamangidwa misewu ndi ngalande zisanafike. Pa chifukwa ichi, anthu kumeneko adazolowera kusonkha ndalama zolipirira chitetezo, kuchotsa zinyalala ndi kuyendetsa zitsime zawo.

Gawo laling'ono kwambiri la ulamuliro m'mizinda ya ku Tanzania limatchedwa mtaa m'Chiswahili. Mtaa uliwonse umasankha wapampando ndi komiti pa zaka zisanu zilizonse, ndipo lamulo limafuna kuti anthu aakulu onse a m'deralo azikumana kamodzi pa miyezi iwiri. Pamsonkhano wotere m'pamene ndalama zolowa ndi zotuluka zimayenera kuwerengedwa poyera. Kumene misonkhanoyi imachitikadi, miseche imachepa. Kumene komiti imangokumana yokha, anthu amayamba kuzengereza kusonkha.

Anthu a ku Manzese adaphunzira zambiri pa ntchito yokonza madera osaukitsitsa a mzindawu, imene idayamba cha m'ma 2005 ndi thandizo la World Bank. Eni dera ndiwo adasankha zofunika kuyamba, monga misewu, ngalande ndi magetsi a m'misewu, ndipo adapemphedwa kusonkha magawo 5 pa 100 alionse a mtengo wa ntchitoyo. Phunziro loyamba lidali lakuti munthu amene waponyapo yake ndalama amafunsa mafunso. Lachiwiri ndi lakuti kumanga ngalande n'kosavuta poyerekeza ndi kuisamalira, pakuti ikadzaza mchenga ndi mapulasitiki, madzi a mvula amabwerera m'nyumba za anthu.

Chovuta pa ndalama zotsala n'chakuti aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Eni nyumba amafuna msewu, popeza umakweza mtengo wa lendi. Amayi amafuna mpopi wina kuti mzere wotunga madzi ufupike. Achinyamata ochita malonda usiku amafuna magetsi. Anthu ochita lendi, omwe ndi ochuluka zedi ku Manzese, amasonkha mofanana ndi anzawo koma kawirikawiri mawu awo samveka. Komatu kolera amene adabuka mu Dar es Salaam mu Ogasiti 2015 sadasankhe mwini nyumba kapena wochita lendi.

Njira imene imasunga mgwirizano ili ndi masitepe ochepa. Choyamba, komiti itsimikize kuti ndalamazo zatsaladi. Ngati palibe zimene zaikidwa padera zokonzera pampu ikawonongeka, ndiye kuti ndalamazo sizinatsale, zili ndi ntchito kale. Chachiwiri, ziwerengero zimatidwe pamalo oonekera masiku angapo msonkhano usanachitike, kuti anthu abwere ataganiza. Chachitatu, amayi, achinyamata, okalamba ndi ochita lendi ayambe akambirana paokha, kenaka maganizo onse aikidwe pamodzi n'kuponyedwa voti. Chomaliza, zimene agwirizana zilembedwe, ndipo kubanki pasainire anthu osachepera atatu. Maganizo amene sanapambane asatayidwe, koma alembedwe kuti adzakhale oyamba kukambidwa ulendo wotsatira.

Kuno ku Malawi tili ndi chitsanzo chofanana. Mu 2006, m'madera osauka a mzinda wa Lilongwe mudayamba mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, pambuyo poti malo ambiri ogulitsira madzi adali pa ngongole zazikulu ku Lilongwe Water Board. Ndalama zitayamba kulembedwa bwino ndi kusungidwa kubanki, ngongolezo zidayamba kubwezedwa. Nawonso alimi a m'makalabu ndi mamembala a banki m'khonde amakumana ndi funso lomweli chaka chikamatha.

Ndalama yotsala si mphatso ya komiti, ndi thukuta la aliyense amene adasonkha. Choncho mlangizi wanzeru amathandiza gulu kukhazikitsa malamulo a kagwiritsidwe ntchito kake thumba likadali lopanda kanthu, mitima isanatenthe. Ndipo belu la msonkhano likalira, aliyense apite yekha, pakuti akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.