Masipika opanda bokosi: besi imathawira kuti?

Kodi sipika ingalire bwino popanda bokosi? Kalipentala amene anakhomapo mabokosi a zokuzira mawu za paukwati angakane. Komatu alipo okonda nyimbo ena, maka ku Ulaya ndi ku America, amene amangoboola thabwa n'kumangirirapo sipika, kumbuyo kuli pululu. Pachingerezi amati open baffle.

Iwowa ati mawu ake amamveka bwino lomwe, osati ngati akutuluka mumgolo. Vuto lake ndi besi.

Sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imakhala ikuukoka. Funde la mawu a 50 Hz limatalika pafupifupi mamita 7, choncho thabwa la theka la mita silingalitchinge. Limangozungulira m'mbali n'kukafafanizana ndi lakumbuyo. Mawu akamanka natsika, besi imanka nizilala: nambala ya Hz ikatsika ndi theka, mphamvu yake imachepa ndi 6 dB.

Apa ena amathamangira kugula ampulifaya yaikulu, koma kumeneko n'kutaya ndalama. Kuti mawu a 40 Hz amveke mofanana ndi a 80 Hz, chipepala cha wufa chiyenera kuyenda mtunda wotalika kasanu ndi katatu, ndipo palibe mpweya wa m'bokosi wochigwira. Wufa imafika pamapeto, mwinanso kung'ambika kumene, ampulifaya isanatope n'komwe.

Amene anafufuza nkhaniyi mozama ndi Siegfried Linkwitz, injiniya wobadwira ku Germany yemwe ankagwira ntchito kukampani ya Hewlett-Packard ku California. M'chaka cha 1976 iye anafalitsa njira yogawira mawu imene anaikonza ndi mnzake Russ Riley, ndipo mpaka lero imatchedwa Linkwitz-Riley. Kachipangizo kogawa mawuka, crossover, kamatumiza besi ku wufa, mawu apakati ku sipika yapakati, ndipo mawu ang'onoang'ono ku tweeter.

Nkhani yagona posankha malire. Pa sipika yake yopanda bokosi yotchedwa Orion, ya 2002, Linkwitz anaika malire pa 120 Hz ndi pa 1,440 Hz. Mukatsitsa kwambiri malire oyambawo, sipika yapakati imasenza besi yosailinga ndipo mawu a woimba amasasa. Mukatsitsa achiwiriwo, tweeter imapsa.

Iye anaika crossover ampulifaya isanafike, n'kuwonjezera besi pamalo okhawo imene imazilala. Izi zikutanthauza kuti sipika iliyonse imafuna njira yakeyake ya ampulifaya. Orion ziwiri zimadya njira 8, koma iliyonse mawati 60 anali okwana. Ambiri amadabwa akamva nambala imeneyi poti anazolowera mawati masauzande olembedwa pamakatoni m'masitolo.

Linkwitz anatulutsanso LX521 mu 2012, ndipo anamwalira mu 2018. Anthu akupangabe masipikawa kunyumba potsata mapulani ake.

Ngati mwakopeka, yambani mwayeza pabalaza panu. Masipikawa amafuna kutalikirana ndi khoma lakumbuyo ndi mita imodzi kapena kuposa apo, zomwe n'zovuta m'nyumba zambiri za lendi. Ndipo musawanyamule kupita nawo kuchinkhoswe. Panja pali gulu la anthu ovina, bokosi la kalipentala uja ndilo lingakupulumutseni.