NYENYEZI ZIMENE ZIYENDA ZIWIRIZIWIRI

Anthu a m'boma la Rufunsa, kucokera ku Chinyunyu kufikira ku Mpanshya, ali ndi mwai umene okhala mu Lusaka alibe. Popeza magetsi ndi ocepa m'midzi, nyenyezi zioneka bwino lomwe usiku. Koma si zonse zimene maso aona kumwambako zimene ziri monga momwe zionekera.

Makolo a Amang'anja ku Malawi anali kunena kuti mwezi uli ndi akazi awiri: Cekecani wa kum'mawa amene audyetsa moipa, ndi Puikani wa kumadzulo amene aunenepetsa. Lero akatswiri a zakumwamba adziwa kuti awiriwa ndi nthanda imodzi, dziko lochedwa Venus. Motero zimene zioneka ziwiri ndi cimodzi. Palinso zimene zioneka cimodzi koma ziri ziwiri.

Nyenyezi yowala kupambana zonse usiku ndi Sirius, imene m'mwezi wa Febuluwale ipita pamutu penipeni pa anthu a ku Rufunsa nthawi ya madzulo. M'caka ca 1844, Friedrich Bessel wa ku Germany anaona kuti iyenda mokhotakhota, ndipo anati pali inzace imene iikoka. Mu 1862, Alvan Graham Clark wa ku America anaiona inzaceyo ndi makina oonera kutali ochedwa telesikopu. Kukula kwace ndi monga dziko lathu lino, koma kulemera kwace kulingana ndi dzuwa. Ziwirizi zizungulirana kamodzi pa zaka 50.

M'nyengo yacisanu, yang'anani kumwera pafupi ndi nyenyezi zinai zooneka ngati mtanda. Pambali pace pali ziwiri zowala. Yowalitsa ndi Alpha Centauri, imenenso iri nyenyezi ziwiri zozungulirana pa zaka pafupifupi 80. Kuwala kwace kutenga zaka zoposa zinai kuti kufike kuno. Cimene cizigwira kuti zisatayane ndi mphamvu yomweyo imene igwetsa mango pansi.

Popeza nyenyezizi ziri kutali kwambiri, makamera sangathe kuzionetsa bwino. Pacithunzi cimene telesikopu ya Hubble inajambula mu 2003, inzace ya Sirius ioneka ngati kadontho cabe. Cifukwa ca ici, akatswiri apempha ojambula ndi manja kuti awathandize. Ojambulawa akulitsa nyenyezi, aziika pafupipafupi ndi kuwonjezera mitundu, kuti munthu wamba amvetse.

Mu 2011 kunapezeka dziko lochedwa Kepler-16b limene lizungulira nyenyezi ziwiri. Bungwe la NASA linatulutsa cithunzi ca munthu ataimirira pamenepo, ali ndi zithunzithunzi ziwiri cifukwa ca madzuwa awiri. Koma palibe anafikako. Dzikolo ndi lozizira kwambiri, lalikulu ngati Saturn, ndipo mbali yace yaikulu ndi mpweya. Madzuwa awiriwo ndi oona, koma munthuyo ndi nthaka imene apondapo ndi maganizo a wojambula.

Masiku ano zithunzi zotere zafika m'mabuku a sukulu ndi m'mafoni. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kuphunzitsa ana kufunsa kuti: kodi ici cinajambulidwa ndi kamera kapena ndi munthu? Mwana wozolowera funso limeneli sadzanyengedwa msanga ndi zithunzi zina zimene zifalitsidwa. Ndipo mitambo ikacoka, turukani nao panja muwasonyeze nyenyezi zenizenizo.